Mwana wanga atachotsedwa ma tonsils anadzuka wosachita chipwirikiti

Mwana wanga wamkazi wazaka 4 ankaliza mkonono kwambiri, nthawi zina mpaka kudukiza kupuma usiku, ndiye madokotala anati ma tonsils (timinofu tiwiri ta kukhosi) achotsedwe. Tsiku lokonzekera ndinakumana ndi adokotala ogonetsa, ndipo anandichenjeza chinthu chimene makolo ambiri timangochiona chikuchitika kale.

"Mayi, ana azaka 2 mpaka 5 ambiri amadzuka atasokonezeka, makamaka akagonetsedwa ndi gasi wa sevoflurane komanso ngati opaleshoni ili ya pakhosi. Amakuwa, kuponya miyendo, ngakhale inu sakuzindikirani." Anati nthawi zambiri zimatha lisanakwane theka la ola, koma m'mphindi zimenezo mwana akhoza kuzula diripi kapena kutsegula bala n'kuyamba kutaya magazi.

Gawo langa popewa zimenezi linayambira kunyumba. Mwana amene walowa m'fiyeta (chipinda cha opaleshoni) ali ndi mantha ndiye amadzuka movutikira, choncho ndinamuuza zoona: adzagona, akadzuka pakhosi padzapweteka, ine ndidzakhala pambali pake. Tinkasewera zoveka chidole kapu pamphuno ngati masiki a gasi wogonetsa, mpaka iye kuyamba kudziveka yekha. Chakudya ndinamusiyitsa kutatsala maola 6, koma madzi anamwa mpaka kutatsala maola 2 monga anandiuzira. Apa ndikupemphani: musamumane madzi usiku wonse poganiza kuti mukumuteteza. Mwana waludzu amafika atakwiya kale.

Ndinatenga chitenje changa chimene amakonda kufunda, ndipo anandilola kumugwira dzanja mpaka anagona. Mtima unkagunda, koma nkhope ndinaimasula, chifukwa mwana amayang'ana mayi kuti adziwe ngati kuli zoopsa.

Gawo la adokotala ndinafunsiratu. Anamupatsa paracetamol opaleshoni ili m'kati kuti ululu usamudzutse mwadzidzidzi, kenako kumapeto mankhwala ogonetsa a propofol pang'ono kuti atsitsimuke pang'onopang'ono. M'malo mwa propofol, zipatala zina zimagwiritsa mankhwala a dexmedetomidine kapena ketamine wochepa. Funsani, si mwano.

M'chipinda chodzukira anamwino anamugoneka chammbali kuti malovu ndi magazi zisamutsamwitse. Sindinamugwedeze kapena kumuitana kuti ndione ngati ali bwino. Ndinangomufunditsa chitenje chija n'kudikira. Atatsegula maso analira, koma anandiyang'ana n'kuloza pakhosi. Anamwino anati uwo ndi ululu chabe, pakuti mwana wosokonezeka sayang'ana munthu m'maso ndipo satonthozeka. Anamuwonjezera mankhwala, posakhalitsa anagonanso.

Potuluka anandiletsa aspirin chifukwa amawonjezera kutaya magazi, komanso mankhwala opha ululu a codeine, amene akuluakulu oona za mankhwala ku America anachenjeza mu 2013 kuti asamapatsidwe kwa ana ochotsedwa ma tonsils poti ena amasiya kupuma. Anandiuzanso kuti kwa milungu iwiri ndiziyang'anira: akamameza pafupipafupi kapena kulavula magazi ofiira, ndibwerere kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pausiku.