Usiku umene bedishiti inagwira apongozi anga

Matilesi athu akale tinagula chaka chimene tinalowa m'banja, a mainchesi 4. Pofika chaka chatha anali ataphwa ngati chikondamoyo chokhalidwa ndi mwana. Pakati pake panali chigwa, moti ine ndi mayi a Takondwa, ngakhale tiyambane bwanji madzulo, pakati pa usiku tinkapezeka tagundana misana m'chigwamo, tifune tisafune. Matabwa a bedi ndinkawawerenga ndi nthiti zanga. Analipo 9.

Ndiye itafika nthawi yanga yolandira ya chipereganyu kuntchito, sindinafunse munthu. Mayi a Takondwa anali kwawo ku Dedza, kokatenga amayi awo kuti adzaonetse maso kuchipatala kuno ku Lilongwe. Ndinati akamafika Loweruka adzadziwe kuti anakwatiwa ndi mwamuna. Ndinalowa m'sitolo ina m'tauni n'kuloza matilesi onenepa kuposa onse, a queen, mainchesi 12. Amenewo ndi masentimita 30, rula yonse ya mwana wasukulu itaimirira. Titawamanga padenga pa Sienta, galimotoyo inkaoneka ngati yabereka inzake. Titalowa mu Area 25 ndinauza dalaivala kuti aziyenda pang'onopang'ono. Iye ankaganiza kuti ndikuopa mabampu, pamene ine ndinkafuna aneba aone bwinobwino.

Vuto linayamba nditayala bedishiti yathu yakale. Pamatilesi atsopanowo inangokhala pamwamba ngati kansalu kaja amayika pa wailesi yakanema, yopisira kunsi panalibe. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandiunikira: “Aise, masiku ano anthu sapisiranso nsalu. Gula ya lastiki, imangovala matilesi ngati chipewa.”

Lachisanu masana ndinatsikira pa kaunjika. Mnyamata wina atangondiona anati, “Bwana, mwafika nthawi yabwino, belo latsegulidwa m'mawa uno. Iyi ndi ya ku UK, thonje lenileni, tagwirani.” Inali yoyera mbee. Pa kapepala ka m'kona panalembedwa kuti King. Masamu ndinachitira pomwepo: mfumu ndi yaikulu kuposa mfumukazi, ndiye ngati matilesi anga ndi queen, King ikwana mpaka ina kutsala. Apa ndinene chilungamo, mnyamata uja anandifunsa kuti, “Koma matilesi anuwo ndi onenepa bwanji, bwana?” Ine ndinamuuza kuti za kuchipinda kwa eni zisamusowetse tulo, angondipatsa chenji.

Zovala za pa kaunjika zimakhala ndi kafungo kake, komanso ine nsikidzi ndimaziopa kuposa ngongole. Nditafika kunyumba ndinasonkha mbaula, n'kuwiritsa madzi mpaka kubwata, n'kuviika bedishiti ija monga mmene timachitira ndi nkhuku tisanaisosole. Kenako ndinaiyanika padzuwa la Okutobala. Kuti nsalu ya thonje imafupika ikakumana ndi madzi otentha, ndipo lastiki imafooka, zimenezo ndinadzazimva pambuyo pake.

Cha m'ma 7 madzulo ndinayamba ntchito, ndikuimba kamluzu. Kona yoyamba inalowa bwinobwino. Yachiwiri inalowa. Yachitatu ndinachita kukoka pang'ono. Nditagwira yachinayi, ya kumutu ija inati phwa! n'kubwera kudzandipeza kumiyendo. Ndinati mwina ndatembenuza, mbali yaitali ndaiyika kofupika. Ndinazungulitsa. Tsopano mbali imodzi inali lendelende ngati thumba la chimanga lopanda kanthu, inayo osafika n'komwe. Ndinabwezanso.

Amene sanalimbanepo ndi nsalu imeneyi sangamvetse. Ili ndi makona anayi, munthu ali ndi manja awiri, ndipo iyo imadziwa. Ndinapondetsa kona imodzi ndi mpando, ina ndi ndowa ya madzi. Ndinagona chafufumimba pakati, manja uku miyendo uko, ngati gulo pamwala, chala chachikulu cha kuphazi chitakola kona yachitatu. Ndikukoka yotsalayo ndi mano, lastiki inapulumuka n'kundikwapula pamlomo. Takondwa, amene ali Sitandade 3, anasuzumira pakhomo n'kufunsa, “Adadi, mukusambira?” Ndinamutuma kukatenga mapegi a pachingwe ndi mapini a amayi ake.

Pofika 10 koloko makona onse anayi anali atalowa, ngati kuluma m'mphepete mwa matilesi ndi masentimita awiri tingakutche kulowa. Kona iliyonse inali ndi mapini atatu ndi pegi. Nsalu inali itakungika ngati ng'oma ya gule, ndipo matilesi, poti ndi a siponji, anali atapindikira m'mwamba kumutu ndi kumiyendo ngati bwato la ku Senga Bay. Ndinafunditsa bulangete pamwamba kuti bwatolo lisaoneke. Ine ndinagona pampando pabalaza, thukuta kamukamu, ati kudikira kuti tidzatsegulire limodzi ndi mayi a Takondwa.

Kudikirako ndi kumene kunandipachika. Loweruka atafika, apongozi anatsika minibasi akudandaula msana. Mayi a Takondwa ataona matilesi anaomba m'manja, ine mtima m'malo. Kenako anandikokera pambali. “Bambo a Takondwa, poti sanagonepo munthu, bwanji amayi agonepo masiku atatuwa? Tingowanyamulira kuchipinda kwa ana.” Akanakhala kuti ndagonapo ngakhale usiku umodzi, mwambo ukanandipulumutsa, chifukwa apongozi sagona pogona mkamwini. Koma ndinali nditalengeza kale ndi pakamwa panga, pamaso pa onse, kuti ndi osakhudza. Tinanyamula. Popinda pakhomo ndinamva kapini kamodzi kakugwa pasimenti, kuti ngwee. Ndinatsokomola kuti wina asamve.

Apongozi anaima patali n'kuyang'ana matilesiwo. “Zikomo bambo. Koma pokwera pake mpofunika makwerero.” Tonse tinaseka, ine kwambiri.

Magetsi anazima cha m'ma 9, monga mwa masiku onse. Cha m'ma 1 usiku tinamva thwa! kenako kanthu kanamenya zenera, kenako mfuu umene sindidzauiwala: “Mayo ine! Andigwira! Andigwira miyendo! Nankhoma, thamanga!”

Zimene zinachitika tinazilumikiza m'mawa. Apongozi atatembenuka, kona ya kumiyendo inadumpha n'kuwakulunga mapazi onse awiri. Poti aponde kuti adzimasule, ya kumutu nayo inamasuka n'kuwavala kumutu ngati duku. Pegi ndi imene inauluka kukamenya zenera. Ndiye taganizirani mayi wachikulire, mumdima, m'nyumba ya eni m'tauni, chinthu choyera chamuphimba kumaso ndipo china chikumukoka miyendo. Inu mukanati n'chiyani?

Mayi a Takondwa analowa chothamanga. Ine ndinafika pakhomo n'kuima njii. Mkamwini salowa kuchipinda kumene kwagona apongozi, ngakhale kutagwa chiyani. Ndiye ndinaima pakhonde la m'kati, nditamanga chitenje cha mkazi wanga m'chiuno, nkhope nditalozetsa kukhoma, mkono wokha ndi tochi ya foni n'talowetsa m'chipindamo, ndikuunika kudenga. “Unikani kuno!” anatero mayi a Takondwa. “Kuno kuti?” “Kuli amayi!” “Ndiye ndiunike bwanji ndisakuyang'ana?” M'katimo apongozi anali atayamba kudzudzula mizimu yoipa ndi mawu amene ndinali ndisanamvepo kwa mayi wa Mvano. Takondwa analira. Galu wa aneba anayamba kuuwa, ndipo posakhalitsa aneba eniakewo anagogoda pageti atanyamula chikwanje, akufunsa kuti akubawo alipo angati.

Ndinawauza kuti ndi bedishiti. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati ndayambiranso kumwa.

Kutacha, tisanapite n'kutchalitchi komwe, mayi a Takondwa anandipatsa nsalu ija m'jumbo osanena kanthu. Ndinapita nayo kwa atelala ena achikulire amene amasoka pakhonde la golosale, omwe anakhalapo ku Johannesburg zaka zingapo akusoka makatani. Anamvetsera nkhani yonse, akupukuta misozi ndi tepi yawo yoyezera, kenako anati, “Achimwene, safunsa anadya phula. Munayeza?” Ndinati palembedwa King.

“King wa kuti?” Anandifotokozera ngati mwana. Mayina amenewa ali ngati dzina lakuti bwana, aliyense amaitanidwa, koma matumba amasiyana. King wa ku UK ndi masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali. Queen wa muyezo wa ku South Africa, umenenso unali wa matilesi anga, ndi 152 ndi 188. Ndiye mfumu yanga ija inali yowonda kuposa mfumukazi, kungoti yaitali. King wa ku South Africa ndi 183 m'lifupi, wa ku America ndi 193. M'belo la kaunjika mafumu onsewa amagona pamodzi, ndipo palibe amene amanena kwawo.

“Koma chimene chakugwetsani si chimenecho,” anatero. Anatembenuza kona imodzi n'kuyika tepi pamsoko umene umatsika kuchokera pamwamba kufika pa lastiki. Unali masentimita 23, utafupika ndi madzi anga obwata aja. “Matilesi anu ndi 30. Msoko uwu ukuyenera kupitirira pamenepo ndi masentimita 5 kapena 10, kuti lastiki ikagwire kunsi. Ikagwira m'mbali, ndiye kuti mwatchera msampha.” Anandionetsanso kuti lastiki yanga inali m'makona mokha, pamene ya matilesi onenepa imafunika yozungulira nsalu yonse. Anati pogula, munthu aziyeza matilesi ake katatu, m'litali, m'lifupi ndi kunenepa, ndipo kunenepako aziyeza pamodzi ndi chilichonse chimene amayala pansi pa bedishiti. Tepi azipita nayo kumsika, asamachite nayo manyazi.

Ndinafunsa ngati nsaluyo ingapulumuke. Anati ndibweretse nsalu ina yolumikiza m'mphepete monse, ndi lastiki yatsopano ya mamita asanu. Nsalu yokhayo imene mayi a Takondwa analola kuti iwonongeke inali chitenje cha kampeni chimene analandira pamsonkhano wina wa chipani. Choncho lero bedishiti yathu pamwamba ndi yoyera ngati ya kuhotela, koma mukakweza bulangete, m'mbali monse mwazungulira nkhope ya munthu wina amene sanapambane n'komwe, akumwetulira kasanu ndi kawiri. Imagwira bwino, sinadumpheponso.

Apongozi sanaiyesenso. Masiku awiri otsalawo anayala mphasa pansi, pambali pa matilesi a mainchesi 12, ndipo Takondwa ndi amene ankagona pamwambapo ngati mwana wa nduna. Tsiku lobwerera, ndikuwanyamulira chikwama kupita pa siteji, anayankhula akuyang'ana kumbali monga mwa ulemu wawo. “Bambo, matilesi akale aja, a chigwa aja, muli nawo ntchito?” Ndinati ayi. “Mundimangire. Amene aja sagwira munthu.”

Pa Khirisimasi tinapita ku Dedza. Ndisanatsike n'komwe m'galimoto, ana a mlamu wanga anathamangira kuseri kwa nyumba akukuwa kuti, “Agogo, agogo, a King abwera!”