Mmene ndinathetsera mkangano wa dzina la ERROR pa Windows

Pulogalamu yanga ya C++ inkayenda bwinobwino pa Linux. Nditaitengera pa Windows, GCC, compiler imene imasandutsa khodi kukhala pulogalamu yoyenda, inakana, n'kuloza mzere umene ndinalembapo milingo inayi ya mauthenga: DEBUG, INFO, WARNING ndi ERROR. Inkadandaula kuti "expected identifier before numeric constant", kutanthauza kuti pamalo poyenera dzina pali nambala. Koma pa mzerewo nambala sinkaoneka.

Chimene chinanditsegula maso ndi g++ -E, lamulo loonetsa khodi mmene imakhalira preprocessor (gawo lokonza khodi compiler isanayambe) ikamaliza ntchito yake. Pamene ndinalemba ERROR panali 0. Nditalondola, ndinapeza kuti windows.h, header ya Windows (fayilo imene khodi imakoka ndi #include), imakoka header ina, wingdi.h, ndipo m'menemo muli #define ERROR 0, macro youza preprocessor kuti paliponse pali ERROR iikepo 0. Preprocessor sisamala kuti dzina lili mu enum (mndandanda wa maina, ngati milingo yanga ija) kapena mu namespace (mpanda wolekanitsa maina). Ikangolipeza imalichotsa n'kuikapo nambala, compiler isanaone n'komwe.

N'chifukwa chake enum class, mtundu wa enum wotsekera maina mkati mwake umene unabwera ndi C++11, sinandipulumutse payokha. Ndinayesa #undef ERROR, lamulo lofufuta macro ija, zinatheka ndithu, koma mtima sunakhazikike: mnzanga akadzangosintha ndondomeko ya ma #include, vuto lidzabwereranso. Njira yolemba #define NOGDI patsogolo pa windows.h nayo imagwira, kungoti imachotsa ERROR pamodzi ndi zida zojambulira za Windows zotchedwa GDI, zimene ena amazifuna.

Ndiye ndinati ndisinthe maina akhale LOG_ERROR, LOG_INFO ndi LOG_DEBUG. Pa Windows zinadutsa. Kubwerera pa Linux, vuto lomwe lija linatulukiranso, chifukwa syslog.h, header ya mauthenga ya pa Linux, inatenga kale LOG_INFO kukhala 6 ndi LOG_DEBUG kukhala 7.

Apa mpamene ndinakhala pansi kuwerenga malamulo a C, chinenero chimene C++ inachokerako. Maina oyamba ndi E wotsatiridwa ndi chilembo chachikulu kapena nambala anasungidwira errno.h, header ya manambala a zolakwika, choncho ERROR silinali langa kuyambira pachiyambi. Maina oyamba ndi underscore (_) yotsatiridwa ndi chilembo chachikulu ndi a opanga compiler ndi malaibulale ake. Ndimaona kuti izi n'zofunika kuphunzitsa munthu akamayamba kumene, chifukwa ambirife tinauzidwa kuti constant iliyonse (dzina la chinthu chosasintha) izilembedwa m'zilembo zazikulu, pomwe ma macro amakhalanso komweko.

Ndinamaliza ndi enum class Mlingo yokhala ndi Debug, Info, Warning ndi Error. Zilembo zazikulu zokhazokha ndinazisiyira ma macro, ndipo iliyonse ndinaiyambitsa ndi chidule cha dzina la pulogalamu yanga. Kenako ndinalemba kafayilo koyesera kokoka windows.h pa Windows ndi syslog.h pa Linux, patsogolo pa header yanga. Konsekonse kanadutsa.