Lipoti la ulendo wathu wa ku Chapotera

Abale ndi alongo a m'mphakati, inu amene munatsala imvani mmene tinayendera. Tinanyamuka ku Moatize kusanache pa chapa (minibasi) ya hayala, pa Mussacama tinakhota nkuyamba kukwera zitunda za ku Angónia, ndiye kuzizira kwake eee, amayi amene anavala za kwathu kotentha kuno anachita kufunda zitenje mpaka m'makutu. Pa Ulongwe tinangomwa tiyi basi nkupitirira ku Lifidzi, mishoni yakale ya maJezuiti ija, kenako Chapotera.

Enanu mumangomva dzinali pa misa. Kumeneku ndi kumene ansembe awiri, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, anatengedwa m'nyumba mwawo ndi anthu amfuti usiku wa pa 30 Okotobala 1985 nkuphedwa, mitembo yawo inapezeka patapita masiku. Bambo Kamtedza anali mwana wa komweko ku Angónia wobadwa mu 1930, Bambo Sílvio anali mmishonale wochokera ku Portugal wobadwa mu 1941. Chimene chinandigwira mtima ine nchakuti malire a Malawi ali pafupi zedi, nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya muno mu Mozambique ija anthu ankawoloka usiku ndi usana kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, iwowa akanafuna akanapita koma anakhala ndi akhristu awo. Pano dayosizi ya Tete pansi pa Ambuye Diamantino Antunes inatsegula nkhani yoti atchedwe odala.

Koma amene anatitengera nthawi yaitali ndi agogo ena akatekisi amene anatilandira, ndipo sindidandaula ayi. Akuti paunyamata wawo anali mphunzitsi pa kasukulu ka mishoni, boma litalanda masukulu ndi zipatala za mipingo mu Julayi 1975 anabwerera kumunda, koma choko sanachisiye, ankaphunzitsa katekisimu pakhonde ndipo ana omwewo amawaphunzitsanso a e i o u, Lamulungu kukakhala kopanda wansembe amatsogolera okha mapemphero, maliro amaika okha. Analowa m'nyumba nkutulutsa chitini cha mkaka, mkati muli kope lokulunga m'pulasitiki, m'mbali mwake chiswe chinadyako, mayina a anthu obatizidwa ndi okwatitsidwa olembedwa mooneka bwino zedi, mudzi ndi mudzi. Akuti pothawa anasiya mbuzi ndi nkhokwe yodzaza koma chitinicho anachimangirira m'chitenje cha akazi awo, anabwera nacho nkhondo itatha mu 1992. Mnyamata wathu wina wa kwaya anafunsa kuti agogo, ndiye ankakulipirani zingati? Iwo anangoseka nkunena kuti mwana wanga, nthawi zina nkhuku. Ife tomwe timakokana ndi chingwe kuti munthu aphunzitse ana Loweruka limodzi lokha tinangoyang'ana pansi.

Tinapemphera kolona pamalo pamene anafera ansembewo, nkudya nsima ya nyemba ndi kabichi imene amayi a kumeneko anatiphikira. Pobwerera adalaivala anavuta pang'ono ati matumba a kachewere achuluka ndiye tiwonjezere ndalama, tinakangana mpaka anagonja. Amene simunamalize ya chapa muonane ndi asungichuma Lamulungu likubwerali ikatha misa, tinagwirizananso zosonkha kangachepe tiwagulire agogo aja bulangeti ndi kope latsopano kuti achinyamata a kumeneko akopere mayina aja chiswe chisanamalize.