Bwana anadumpha beseni la pakhomo

Anapiye a tsiku limodzi anafika Lolemba m'mawa. Masiku awiri oyamba anayenda monga mwa nthawi zonse: khola kulitenthetsa mpaka madigiri 33 iwo asanalowe, mapepala pa utuchi, usiku kudzuka kukaona ngati aunjikana pamoto kapena athawira m'mbali. Anzanga a m'makola mukuzidziwa izi, sindichedwapo. Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi cha Lachitatu.

Cha m'ma 10 koloko bwana anafika ndi alendo awiri, anthu oti nawonso ali ndi makola awo. Anayambira ku nkhuku zazikulu zimene zatsala pang'ono kugulitsidwa, kenako n'kulunjika kwa anapiye. Pamenepo pokha analakwitsa kale, paja timayambira kwa ang'ono n'kumalizira kwa akulu. Pakhomo pali beseni la mankhwala oviikamo jombo, ndipo pamwamba pake pali chikwangwani chimene bwana eni ake analamula kuti chikhomedwe. Anadumpha beseni lija. Nsapato zawo zinali zopolishidwa bwino. Alendo ataona zimenezo anadumphanso.

Ndinathamanga ndi jombo ndi maovolosi m'manja. "Bwana, pepani, muvale izi."

Anangokweza dzanja. "Tingosuzumira, a kapitawo, sitichedwa."

Anachedwa. Mlendo mmodzi mpaka ananyamula mwanapiye n'kumamutembenuza ndi manja osasamba, ine nditaima pakhomo mtima ukuwawa. Kachilombo ka chitopa kamayenda pa nsapato, pa zovala ndi m'chitosi, ndipo chitopa chilibe mankhwala. Ka gumboro, matenda ena a nkhuku, kakalowa m'khola kamatha miyezi kali moyo. Anapiye a masiku atatu amakhala akudalira chitetezo chimene anatengera kwa make m'dzira, ndipo katemera wa gumboro anali asanalandire. Bwana akuzidziwa zonsezi. Ndi iwo amene anatiphunzitsa pamsonkhano wa antchito.

Koma chimene chinandipweteka kwenikweni chinabwera Lachinayi. Pali mnyamata amene ndakhala ndikumuphunzitsa ntchito kwa miyezi iwiri, wakhama, womvera. Lolemba lomwe lija ndinamusonyeza mmene timaphunzitsira anapiye kumwa: umagwira ochepa, n'kuviika milomo yawo m'madzi, n'kuwasiya pomwepo. Ena onse amaona anzawo akukweza mitu kumeza, n'kubwera okha. Ndinamuuzanso za thadzi, kuti silimangoitana ana lili patali. Limajompha kambewu, n'kukagwetsa, n'kukatolanso, likulira, mpaka ana adye. Mnyamatayo anamvetsa, ndipo anagwada pa utuchi mpaka onse anamwa.

Lachinayi ndinamuona atasenza thumba la chakudya, akudumpha beseni.

Ndinamuitana mwaukali. Anatsitsa thumba, n'kuyang'ana pansi. "Pepani akulu. Koma dzulo bwana…" Sanamalize. Ine ndinasowa chonena. Ndinamubweza kuti akaviike jombo, anaviika, koma ndinadziwa kuti ntchito ya miyezi iwiri yagwedezeka chifukwa cha sitepe imodzi. Sanachite mwano. Anachita zimene mwanapiye amachita, anatsatira wamkulu amene anamuona.

Kusukulu tinaphunzira za Thorleif Schjelderup-Ebbe wa ku Norway, amene m'zaka za m'ma 1920 anafotokoza kuti m'gulu la nkhuku muli ndondomeko ya amene amajompha mnzake, ndipo yamphamvu imadya poyamba. Zimandimvetsa chisoni kuti utsogoleri wa pano ukufanana ndi umenewo. Wapamwamba amadutsa pamene akufuna, wapansi ndi amene amadulidwa malipiro akaiwala lamulo lomwelo.

Lachisanu ndinapita ku ofesi. Ndinalankhula mwaulemu, koma sindinabise kalikonse: za beseni, za alendo, za mnyamata uja. Ndinawakumbutsanso kuti mankhwala a m'beseni ndawapempha katatu mwezi uno, ndipo tikungowasungunula mopitirira muyezo kuti afike kumapeto a sabata. Anandiyankha kuti ndikukulitsa nkhani, nkhuku zili bwino. Za mankhwala anati aona. Ndinatuluka ndikudziwa kuti matenda akagwa, funso loyamba lidzakhala lakuti kapitawo anali kuti.

Zotsala za sabatayi n'zachizolowezi. Tinachotsa utuchi wonyowa pansi pa zomwera, tinakuza mpanda wa anapiye, tinayeza kulemera kwawo. Ndakolowekanso jombo zitatu zoyera pakhomo penipeni, poti munthu sangadutse osaziona. M'mawa uliwonse ndikutsuka beseni ndekha anyamata akuona, n'kuyamba ine kuviika.

Loweruka ndinapeza anapiye atatu atafa. Ndinawatumbula manja akunjenjemera. Chikasu cha dzira chinali chisanathe m'mimba, vuto lodziwika la sabata yoyamba, osati chitopa. Koma chitopa chimatha kubisala masiku 2 mpaka 15 chisanaonekere. Lero ndi tsiku lachinayi chilowereni alendo aja. Usiku ndikumalowa m'khola mwakachetechete, n'kuima pakati pa anapiye, kumvetsera ngati wina akupuma mobanika.