Mfuti ya apongozi yabwerako kwa mmisiri

Loweruka lapitali tinakaitenga ija Winchester Model 71 ya apongozi anga aamuna, yomwe yakhala kwa mmisiri wa mfuti miyezi isanu ndi iwiri yathunthu, ndipo mpaka pano mtima wanga ukadali komweko ndiye ndati ndilembeko basi.

Kwa amene simukuidziwa, iyi ndi mfuti ya liva, ija umakoka chitsulo cha pansi kuti chigoba chakale chituluke china chilowe. Kampani ya Winchester inapanga mtundu umenewu kuyambira m'ma 1930 mpaka 1958, zonse pamodzi pafupifupi 47,000 zokha, ndipo kapangidwe kake kanachokera ku Model 1886 ya katswiri wopanga mfuti John Browning. Inkabwera ndi chipolopolo cha .348 Winchester. Madalawa anailandira kwa bambo awo, yapha moose wambiri, zinyama zikuluzikulu zonga agwape, kuno ku Alaska, koma mkati mwa mpope munali mutadyeka, mukaunika ndi tochi mumaona timaenje ta dzimbiri ndipo mizere ija yomwe imazunguza chipolopolo inali itatsala pang'ono kufufutika. Pa mayadi 100 zipolopolo zimangomwazika ngati wafesa mapira.

Ndiye mkangano unayamba pa tebulo la chakudya. Mlamu wanga ankati isiyidwe momwemo ipachikidwe pakhoma, eti anthu otolera mfuti zakale amalipira ndalama zambiri ikakhala yosakhudzidwa. Apongozi anangoti "mfuti ya pakhoma siyithamangitsa chimbalangondo mwana wanga", nkupitiriza kudya. Ine ndinali mbali yawo ndipo ndikadali komweko. Ikanakhala yabwinobwino, mpope wake wowala mkati, ndikanakana kuti aidule, zimenezo ndikunena poyera chifukwa zatsala zochepa ndipo ukaisintha subwezanso. Koma iyi inali itafa kale.

Apongozi anasankha kuti mpope usinthidwe, mfutiyo iziwombera chipolopolo cha .450 Alaskan. Chipolopolo chimenechi si cha fakitale ayi, anachipanga ndi mmisiri wina dzina lake Harold Johnson wa ku Cooper Landing, kufupi ndi mtsinje wa Kenai, m'zaka za m'ma 1950. Anatenga chigoba chomwecho cha .348 nkuchikuza kukamwa kuti chilandire mutu wa mainchi .458, wolemera magreni 400, ndiye kuti cha m'ma magalamu 26, pomwe .348 nthawi zambiri imaponya wa magreni 200. Chifukwa chake nchosavuta, kuno ukamayenda m'tchire lowirira m'mbali mwa mitsinje nthawi ya nsomba za salmon, chimbalangondo chimatulukira pafupi kwambiri, ndiye umafuna mfuti yaifupi, yofulumira kubwereza, yoponya chinthu cholemera chothyola mafupa. Johnson yemweyo anapanganso .50 Alaskan, yokulirapo kuposa apa.

Chomwe chinandidabwitsa ine nchoti kusintha mpope ndi gawo laling'ono chabe la ntchitoyo. Mmisiri uja, bambo wachikulire wa magalasi okhuthala, anatikhazika pa benchi yake nkuyamba kutionetsa chimodzichimodzi. Chigoba chatsopanochi ndi chonenepa kutsogolo, ndiye njira yomwe chimadutsa kuchoka mu kampope ka pansi kosungira zipolopolo kukwera m'chipinda chowombera anachita kuipala pang'onopang'ono ndi tupa, kuyesa, kupalanso, kuyesanso. Anali ndi zipolopolo zisanu zopanda wonga zoyesera, zonse zokalikakalika m'mbali chifukwa chodutsitsidwa kambirimbiri. Anati ukapala kwambiri wawononga mfuti, chitsulo sichibwerera. Kenako kampope ka pansi kaja anakamangirira mwamphamvu ku mpope waukulu, chifukwa mfuti ikabwerera m'mbuyo mwamphamvu kamafuna kutsalira kutsogolo nkuzuka. Kumatako kwa mfutiyo anaikako labala wokhuthala, ndipo thabwa analilimbitsa mkati pomwe limakumana ndi chitsulo kuti lisang'ambike.

Anatichenjezanso zinthu ziwiri, ndipo apa anavula magalasi nkutiyang'ana m'maso. Choyamba mitu ya zipolopolo ikhale yaphwatalala kutsogolo, chifukwa mu kampope kaja zimafola mzere, mutu wa china umagunda pa fiyuzi yoyatsa wonga ya kumbuyo kwa chinzake, ukaikamo zosongoka zitha kuphulikirana m'manja mwako momwemo. Chachiwiri zigoba zomwe tikugwiritsa ntchito kumbuyo zalembedwabe kuti 348 WIN pomwe si zimenezonso, ndiye bokosi lililonse lilembedwe bwino ndipo zisasakanikirane ndi zakale. Pa mpope anadindapo dzina latsopano la chipolopolo kuti aliyense woigwira mtsogolo adziwe. Zinthu ngati izi nchifukwa chake ntchitoyi siyochitira mu galaji ndi zida zobwereka utaonera vidiyo pa YouTube, mphamvu imene imatsekeredwa m'chitsulo chimenechi ili pafupi ndi nkhope yako.

Zipolopolo zake simungazipeze mu sitolo wamba, madalawa amadzipangira okha, kuyeza wonga pa sikelo kakang'ono, ndipo anayamba ndi mlingo wotsika womwe mmisiri anawalembera pa pepala. Anzanga ena akuti bwanji sanangogula mfuti ina ya liva, Marlin 1895 ya .45-70, zipolopolo zake zili mbwee ndipo mtengo wonse ukanachepa. Zoona, sindikutsutsa, munthu amene alibe mfuti nkomwe ndingamuuze agule zimenezo. Koma apa nkhani inali ya mfuti yomwe dzanja la bambo awo linasalaza thabwa lake mpaka vanishi kutha pogwirira paja.

Lamulungu tinapita kokayesera. Anawombera iwo poyamba katatu, mabowo onse atatu ndinawaphimba ndi chikhatho chimodzi. Atatembenuka maso anali atafiira, anangoti "bwera mkamwini, ikanikize bwino paphewa, tsaya lisachoke pa thabwa". Ndinatero. Imakankha zedi, osati kumenya kwa msangamsanga koma ngati ng'ombe yakutsamira mwadzidzidzi, ndipo liva itatsika chigoba chotentha chinadumpha china nkulowa bwinobwino osakodwa paliponse. Mwezi wa Sepitembala tikupita nayo kokasaka moose, ndipo akuti tsiku loyamba ndidzanyamule ndine.