Makobidi a Apongozi pa Ngomakurira

Amene anayambitsa zonsezi ndi mkulu wa mpingo wina kwathu ku Mufakose, mu Harare. Adokotala anamuuza kuti aziyenda chifukwa cha shuga, ndiye iye anaona kuti si bwino kuvutika yekha abale mwa Ambuye alipo. Anaimirira pa zolengeza n'kunena kuti mpingo ukakwera Nyangani, phiri lalitali kuposa onse mu Zimbabwe muno, mamita 2,592. Koma tisanapite ku Nyanga, ati tiyambe tayesa miyendo kufupi konkuno: kombi mpaka ku Domboshava, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa tauni, kenako wapansi mpaka pa phiri la Ngomakurira, kukwera, kutsika, n'kubwereranso wapansi womwewo.

Apongozi anga atamva anati nawonso ali paulendo. Iwowa ndi a ku Mulanje, anabwera kuno mzinda uno ukutchedwa Salisbury, ndipo phiri lililonse losafika pa Sapitwa, mamita 3,002, kwa iwo ndi chulu. Za miyendo yawo panalibe wodandaula. Nkhani inavuta pa zovala zanga. Paja ku Malawi mu 1973, nthawi ya a Kamuzu, kunakhazikitsidwa lamulo loletsa amayi kuvala buluku ndi siketi zazifupi. Lamulolo linachotsedwa mu 1993, koma kalata yake sinafikebe kunyumba kwathu. Nditangotulutsa jinzi yanga kuti ndiichape, anaiyang'ana kuchokera m'chiuno mpaka kumapazi.

"Naphiri, pali abusa paulendowu. Chimenecho mukavale kwa amayi anu."

Ndinathawira kwa mlamu wanga wamng'ono, amene Loweruka lililonse amakhala ali m'mapiri ndi anzake a kuntchito. Ndimayembekeza kuti andimvera chisoni, koma anangoseka, ati siketi si chilango, iyenso nthawi yotentha amayenda ndi siketi. Mphepo imadutsa, thukuta silikhazikika, ndipo ukafuna kupatuka patchire suchita kulimbana ndi lamba ndi zipi uku ukuyang'ana ngati kukubwera anthu. Koma anandichenjeza kuti si siketi iliyonse. Ya jinzi ndi yolemera, ikamwa thukuta siuma, ndipo msoko wake umadya khungu. Yothina ya kuofesi imakufupikitsira sitepe, pathanthwe mwendo umakana kukwera. Yaitali yofika kumapazi umaiponda wekha pokwera, potsika imakololera chisoso chonse cha m'njira. Yofunika ndi yopitirira bondo pang'ono, yotambasuka kumunsi, ya nsalu yopepuka yosachedwa kuuma, yopanda batani kapena zipi pambali chifukwa lamba wa chikwama amafinya pomwepo mpaka pamatuluka chilonda.

"Ndipo alamu, mkati muvale taiti yofika pamwamba pa mawondo. Ntchafu zikayamba kukhulana mtunda usanathe, mudzalira ngati si inu. Vaseline mutengenso."

Ndi nzeru zimenezi ndinalowa m'Mupedzanhamo ku Mbare, kumene kaunjika amachita kukuitana ndi dzina. Ndinapendapenda milu mpaka ndinaipeza: yobiriwira, yopepuka, yofika pamene mlamu ananena, ya lasitiki m'chiuno, thumba mbali zonse ziwiri. Mayi wogulitsayo anati inavalidwa ndi mzungu kamodzi kokha. Onse amatero. Ndinaikoka lasitikiyo, inabwerera mwaulesi pang'ono, koma m'chiuno mwanga inakhala bwinobwino, ndipo mtengo wake sunali wokanganirana.

Kunyumba apongozi anailandira ngati woweruza. Utali anavomereza. Mtundu anavomereza. Kenako anatuluka nayo pakhomo n'kuinyamula m'mwamba, ndipo poti unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ya Harare inachita zake. Siketi inauluka mpaka kuwaphimba kumaso.

"Iyi pamwamba pa phiri idzakufikani m'khosi. Bweretsani singano."

Nyumba iliyonse muno ili ndi chitini cha ndalama zakufa. Chathu chimakhala pansi pa bedi la apongozi, ndipo chadzaza ndi ma bond coin, aja anatuluka mu Disembala 2014 kuti tizipatsana chenji m'malo mwa masiwiti. Usiku umenewo anasula mpendero wonse, n'kuyamba kulowetsamo makobidi, limodzilimodzi, kuzungulira siketi yonse. Ndinayesa kunena kuti mwina anayi okha akwana. Anandiyankha osadzutsa mutu kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Bambo a kunyumba, amene nkhani zikafika pakati pa ine ndi amayi awo amasanduka mlendo, anangokweza wailesi.

M'mawa mwake siketi inali yolemera ndithu, koma inkagwa mokongola, mphepo osaigwedeza n'komwe. Mu kombi, kudutsa Borrowdale, Hatcliffe, mpaka kutsika ku Domboshava, ndinali mayi waulemu wake. Ndinamanga chikwama, n'kukoka lamba wake wa m'chiuno mpaka kuthina monga anandiphunzitsira mlamu, kuti katundu azilemera m'chiuno osati m'mapewa. Tinanyamuka.

Dera limenelija ndi lokongola, ndisaname. Madimba a tomato ndi masamba amene timawagula ku Mbare Musika, ngolo za ng'ombe, mitengo ya msasa itayamba kutulutsa masamba ake ofiira, ndiye matanthwe osalala aja atangoti ndii kutsogolo. Koma ine zonsezi ndinaziona mwa apo ndi apo, chifukwa pa sitepe iliyonse siketi inkayankha. Ngwili, ngwili, ngwili. Poyamba anthu ankayang'anana kuti wanyamula makiyi ndani. Kenako anazindikira. Amayi ena a kwaya anayamba kuponda motsatira kulira kwake, wina mpaka anayambitsa nyimbo.

Kulirako kukanapiririka. Koma mpendero wolemera ukapita kutsogolo umayenera kubwerera, ndipo umabwerera pamsongolo. Dzuwa lisanafike pamutu, misongolo yanga inali itamenyedwa ndi chuma chonse cha 2014. Ndikafulumira, amamenya kwambiri. Ndikachedwa, apongozi amatembenuka, "Naphiri, mwana wamng'ono ngati inu?" Iwo anali kutsogolo kwenikweni, chitenje chili mpaka mu akakolo, mtolo wa mbatata zophika uli pamutu, osapuma wefuwefu ngakhale pang'ono.

Podutsa pamudzi wina agalu anatuluka n'kuyamba kunditsatira ine ndekha. Ana nawo anathamanga kuchokera kuseri kwa nyumba akukuwa, "Zvigure! Zvigure!" Anamva kulira kwa zitsulo komanso anthu akuyankhula Chichewa, ndiye anaganiza kuti Gule Wamkulu wafika m'mudzi. Atapeza kuti ndi mayi wa thukuta lake ndi chikwama kumsana, anakhumudwa poyera. Mkulu wa mpingo uja nkhope inagwa, poti mpingo ndi gule sizidyera mbale imodzi, ndipo anandipempha mwaulemu ngati ndingathe kuyenda mwakachetechete. Ndinamufunsa kuti motani. Sanayankhe.

Chitunda chenicheni chitayamba ndinaona ubwino wa malangizo a mlamu. Mwendo unkakwera momasuka, taiti inagwira ntchito yake, nsalu inkauma ndikangoima pamphepo. Mnzanga wina amene anavala siketi yaitali ya kwaya ankachita kuinyamula ndi manja onse awiri, ndipo pamalo otsetsereka ankakwawa. Ine ndinkamudutsa ndikulira ngwili ngwili, mwamatama ndithu. Chimene sindinkachimva n'chakuti lasitiki ija, pokokedwa ndi makobidi mtunda wonsewo, inali itatula pansi udindo kalekale. Chimene chinagwira siketi m'chiuno mwanga chinali lamba wa chikwama basi.

Tinafika pamwamba. Mphepo inali yoopsa, mipango ikuuluka, masiketi a anzanga akuwavuta, yanga ili phee. Apongozi anandiyang'ana n'kugwedeza mutu monyadira. Abusa anati tisanadye tiime mozungulira, tithokoze. Aliyense anatula katundu wake. Abusa anavula chipewa, anthu anatsinzina, ndipo ine, pofuna kupemphera momasuka, ndinakanikiza kachomangira ka lamba uja.

Siketi wamba ikamavuka imatsika mwaulemu, imakupatsa mpata woigwira. Yanga inagwa ngati thumba la misomali. Inafika pathanthwe ndi phokoso loti ngwaaa, ulusi wa apongozi unaduka, ndipo makobidi anabalalika. Amene anafikapo pa Ngomakurira akudziwa kuti thanthwe lake ndi losalala komanso lopendekeka. Kobidi likayamba kugubuduka pamenepo siliima. Ena analunjika kumadzulo, ena anadutsa pakati pa miyendo ya abusa, onse akulira mpaka kutsetsereka kuphedi.

Pemphero linaima pa "Atate wathu wachifundo". Maso onse anatseguka. Ine ndinali chiimire pakati pa bwalo, manja ali pamodzi, bulauzi ya kumpingo pamwamba, taiti yakuda pansi, siketi itazungulira nsapato. Amuna anga anayang'ana kumwamba ngati kukudutsa ndege. Mkulu wa mpingo anatsinzinanso mwamphamvu, milomo ikunjenjemera. Abusa, munthu wa Mulungu, anayesa kupitiriza, koma kobidi limodzi lotsalira linali likuzungulirabe pafupi ndi phazi lawo, ndipo tonse tinadikira mpaka linagona.

Amene anayamba kusuntha ndi apongozi. Chitenje chawo chapadera chinali chitamanga mbatata, mfundo yake yolimba. Sanaganize kawiri. Anamasula chimene anavala m'chiuno n'kundikulunga nacho msangamsanga, uku akunena kuti, "Mukuyang'ana chiyani? Tsinzinani!"

Koma palibe anatsinzina, chifukwa tsopano anthu sankayang'ananso ine. Apongozi anga, mlonda wa lamulo la 1973, anali ataima pamwamba pa phiri atavala buluku la trakisuti lotuwa, lopinda kumapazi. Ndinalizindikira pompo. Ndi lija amuna anga akhala akulifuna chiyambire nyengo yozizira, lija ndinanenedwa kuti ndinalisiya pachingwe usiku mpaka akuba anatenga.

"Amayi," anatero amuna anga ndi mawu otsika, "si langa limenelo?"

"Lako chiyani? Izi ndi zamkati."

Mayi wina wa kwaya anakhala pansi n'kuyamba kulira ndi kuseka. Abusa anavala chipewa chawo n'kunena kuti Mulungu wamva kale, tiyeni tidye.

Kutsika ndinatsika ndi chitenje, chimene pamtunda wautali chili ndi mavuto akenso. Chimamasuka pang'onopang'ono ndipo chimamanga miyendo, moti ndinachipinda mpaka m'mawondo n'kuchipanikiza ndi lamba yemweyo, amene ulendo uno sindinamukhudze mpaka ku Mufakose. Apongozi anatsika ndi trakisuti yawo, akudumpha miyala mosavuta kuposa m'mawa, chitenje cha mbatata atangochikoloweka paphewa. Anachivala titayandikira midzi. Kuphedi tinapeza anyamata oweta ng'ombe akutola makobidi m'maudzu mosangalala, mpaka wamkulu wawo analiyang'anitsitsa limodzi, n'kunena kuti "Mabond aya," n'kuliponya kutchire.

Usiku, ine ndikuthira madzi amchere pamisongolo, apongozi anatulutsa chitini chawo. Anasula makobidi amene anatsalira mumpendero, anawawerenga kawiri, n'kundiuza kuti ambiri asowa ndipo ndiwabweze. Ndinati amayi, ndalama zimenezi zinasiya ntchito kalekale, pano kuli ndalama ya ZiG kuyambira 2024.

"Dziko lino ndalama zimafa n'kudzuka, Naphiri. Mawa akadzati zayambanso, ine ndidzagwire chiyani?"

Ndinafunsa kuti ndiye ndikawapeza kuti ma bond coin lero. Anati asandivutitse, alandira madola a ku America.