Kukweza Land Cruiser: ngodya zomwe zimasintha pansi pa galimoto

Teremu ino pa maphunziro a umakanika tafika pa masipuling'i ndi chiwongolero, ndipo gawo lomwe landidyera nthawi kwambiri ndi la kukweza galimoto zoyenda m'misewu yoipa. M'kalasi tinangolidutsa mothamanga, koma ku galaja komwe ndimaphunzira ntchito ya manja nkhaniyi imabwera yokha ndi makasitomala. Munthu amafika ndi Land Cruiser kapena Patrol n'kunena kuti, "Amisiri, ikukhula pansi, tandiikwezerani pang'ono." Kwa iye ntchitoyo ndi kungochotsa masipuling'i aafupi n'kuikapo aatali. Zomwe ndaphunzira n'zakuti ekiselo siyingotsika chabe kuchoka pa chasisi. Imatembenuka, imasendera kumbali, ndipo chilichonse cholumikizidwa nayo chimasintha ngodya.

Pali chinthu chimodzi chomwe kasitomala sakonda kumva. Pa galimoto ya ekiselo yathunthu kutsogolo ndi kumbuyo, chomwe chili pansi kwambiri ndi difu, chibokosi cha magiya cha pa ekiselo chomwe chimagawira matayala mphamvu, ndipo difuyo sikwera ngakhale ndi milimita imodzi mukasintha masipuling'i. Imakhala pakati pa matayala, choncho imakwera ndi matayala basi. Tayala la 265/70R16 ndi lotalika mamilimita pafupifupi 777, pomwe la 285/75R16 limafika pa 834. Kusiyana kwake ndi 57, koma difu imangopindula ndi theka, mamilimita 28 okha. Pamwamba pa apo sipidomita imayamba kunama ndi 7 peresenti, ndipo injini imalemedwa pokwera zitunda. Ndiye kwa amene amatitimira m'matope a nyengo yadzinja, difu itakhala pa mtumbira wa pakati pa msewu matayala akungozungulira, masipuling'i ntchito yawo ndi kupezera malo matayala aakuluwo ndi kutukula mimba ndi mabampala. Zina zonse ndi ndalama zokonzera zomwe kukwezako kwasokoneza.

Ndasankha kuphunzirira pa Land Cruiser 80, yomwe inayamba kupangidwa mu 1990, chifukwa zonse zimaoneka poyera mukangogona pansi pake. Kutsogolo ili ndi masipuling'i opota. Sipuling'i yopota imangonyamula kulemera, siyigwira ekiselo, choncho pali mikono iwiri ikuluikulu, ma radius arm, yochokera pa ekiselo kupita chakumbuyo kukamangidwa pa chasisi. Mkono uliwonse umagwira ekiselo ndi mabushi awiri, ndipo kuchasisi uli ndi bushi imodzi yomwe umazungulirapo. Nissan Patrol Y60 ndi Y61, Land Rover Defender ndi Suzuki Jimny zili ndi kapangidwe ka mtundu womwewu kutsogolo. Ngakhale Land Cruiser 78 ndi 79, zomwe timaziona ngati maambulansi ndi galimoto za mabungwe m'maboma onse, zinasiya masipuling'i ophwatalala kutsogolo mu 1999 n'kutengera njira imeneyi.

Poti mabushi awiri aja agwira ekiselo zolimba, mkono ukapendeka ekiselo imapendeka nawo. Apa ndi pomwe caster imatayikira. Caster ndi kupendekera kumbuyo kwa mzere womwe tayala limazungulirapo pokhota, mukamayang'ana galimoto cha m'mbali. Onani foloko ya njinga: mutu wake umapendekera kwa wopalasa, ndipo n'chifukwa chake anyamata a kabaza amatha kusiya mahandulo njinga n'kumapitabe molunjika. Pa galimoto, kupendeka kumeneku ndi komwe kumabweza chiwongolero pakati mukamaliza kukhota.

Masamu ake si ovuta. Tiyerekeze mkono wotalika mamilimita 900. Mukakweza chasisi ndi mamilimita 50, omwe ndi mainchesi 2 otchuka aja, mkonowo umapendeka ndi madigiri opitirira 3 pang'ono. Caster yomwe Land Cruiser 80 imachoka nayo ku fakitale ili cha pa madigiri 3 omwewo. Ndiye kukweza komwe aliyense amati n'kochepa kumatha kudya caster yonse, ndipo mukafika pa mamilimita 100 mzere uja umayamba kupendekera kutsogolo. Woyendetsa amamva chiwongolero chopepuka, ena mpaka kusangalala nacho tsiku loyamba. Akalowa pa M1 n'kuponda mafuta m'pamene amazindikira kuti galimoto ikuyendayenda yokha, ikutsatira mizere ya m'phula, ndipo manja sakupuma. Kukakhalanso mabushi otha kapena tie rod yogwedera, ndodo yolumikiza matayala awiri akutsogolo kuti azikhotera limodzi, bampu imodzi imatha kuyambitsa kunjenjemera koopsa kuja komwe eni ma Jeep ku America amati death wobble.

Kuyeza kwake ndinakuona ndi maso. Mmisiri wathu wamkulu anaimika galimoto pa simenti yosalala, matayala atalunjika, n'kupukuta girizi ndi dothi pa kachivundikiro kophwatalala komwe kali pamwamba pa knuckle, chitsulo cha kunsonga kwa ekiselo chomwe chimatembenuka ndi tayala pokhota. Anaikapo foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera kupendeka. Kenako anaika foniyo pa simenti pafupi ndi tayala kuti achotsere kupendeka kwa pansi. Ndinawafunsa kuti, "Madala, nanga makina a alignment aja?" Iwo anati, "Makinawo akuuza nambala yomweyi, mwanawe, koma sangaikonze. Pa ekiselo iyi palibe bawuti ya caster." N'zoonadi: pa galimoto imeneyi chomwe mungasinthe ndi sipanala ndi toe yokha, kuloza m'kati kapena kunja kwa matayala mukamawayang'ana cha pamwamba.

Njira zobwezera caster zilipo zingapo, ndipo zonse cholinga chake n'kutembenuza ekiselo kubwerera komwe inali. Pali mabushi omwe bowo lake lili pambali, ogulitsidwa ngati a madigiri 2 kapena 3. Ndi otsika mtengo, koma mbali imodzi labala amakhala wochepa, choncho amaumitsa mkono ndipo sachedwa kutha. Amafunanso kuwalowetsa ndi pulesi atalunjika ndendende. Mukawatembenuza molakwika ndiye kuti mwachotsa caster yomwe inatsala. Pali zitsulo zomangira pa ekiselo zomwe zimasuntha mabowo a mabawuti, pali mabulaketi otsitsa pomangira mkono kuchasisi, omwe ndi ofala pa Patrol, komanso mikono yatsopano yopangidwira kutalika kumeneko. Ine ndikadakhala ndi ndalama za kasitomala m'manja, pa mamilimita 50 ndikadalola mabushi, koma kupitirira apo ndikadakakamira mikono.

Gawo lomwe linandikhazika pansi ndi kope ndi ili: ekiselo yomwe mukuitembenuzayo ndi yomweyo yanyamula pinion ya difu, kagiya kolandira mphamvu ya injini kulowa m'difumo. Kukweza kumadzutsa mphuno ya pinion kuloza m'mwamba, ndipo kubweza caster kumaigwetsanso pansi, pomwe transfer case, bokosi la magiya logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, yakwera kale ndi chasisi. Simungasinthe chimodzi osakhudza chinzake, pakuti ma knuckle ndi difu anawotcheredwa pa chitsulo chimodzi.

Vuto lili pa joini ya mtanda ya pa propshaft, shafuti yochokera ku transfer case kupita ku pinion ya difu. Joini imeneyi ikamagwira ntchito itapindika, mbali yotulutsa siyizungulira mofanana ndi yolowetsa: imafulumira n'kuchedwa kawiri pa kuzungulira kumodzi. Pa madigiri 10 kusiyanako kuli cha pa 1.5 peresenti, koma pa madigiri 20 kumafika cha pa 6 peresenti. Opanga galimoto amathana nazo poika majoini awiri okhala ndi ngodya zofanana, mafoloko ake atalunjikana, kuti yachiwiri ifafanize zomwe yoyamba yachita. Ngodyazo zikasiyana, chotsalacho ndi chomwe mumamva ngati kulira ndi kunjenjemera pansi pa mapazi. Shafuti ya double cardan lamulo lake ndi lina: majoini awiri ali pamodzi kumbali ya transfer case, ndiye pinion iyenera kuloza molunjika m'shafutimo. Ndawerenga za ena okweza kwambiri omwe amadula ma knuckle pa ekiselo, kuwatembenuza n'kuwawotchereranso, kuti caster ndi pinion zipeze ngodya yakeyake. Imeneyo si ntchito yoyesera ndi makina owotcherera mageti.

Apa 80 ndi 79 zimasiyana. Ma 80 ambiri amakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, choncho shafuti yakutsogolo siyipuma ndipo ngodya yolakwika imamveka tsiku lomwelo. Pa 79, mukamasula ma hub, zolumikizira matayala akutsogolo ku mashafuti a difu, shafutiyo imangokhala phee pa phula, ndipo vuto limabisala mpaka tsiku lomwe mwalowetsa 4H, giya yokokera ndi matayala onse anayi.

Ndodo ya Panhard, yomwe imaletsa ekiselo kusendera kumbali, nayonso imazungulira pa nsonga yake. Pa ndodo ya mamilimita 900 yomwe inali itagona bwinobwino, kukweza kwa 50 kumakoka ekiselo ndi milimita imodzi ndi theka yokha. Koma ngati inali itapendeka kale, mbali imodzi ili mamilimita 100 pansi pa inzake, kukweza komweko kumaikoka ndi 7, ndipo kwa 100 kumaikoka ndi 17. Ndodo yotheka kuitalikitsa imabweza ekiselo pakati koma siyichotsa kupendekako. Chofunikanso n'chakuti Panhard iziyenda mzere wofanana ndi drag link, ndodo yochokera ku bokosi la chiwongolero kupita ku tayala. Mukatsitsa imodzi n'kusiya inzake, bampu iliyonse imakhotetsa matayala yokha.

Kanthu kakang'ono komwe kamaiwalika kali kumbuyo. Galimoto zambiri zakale za mtunduwu zili ndi valavu ya mabuleki pa chasisi, yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo kowonda. Katundu akachuluka chasisi chimatsika, kandodo kamakankha valavu, mabuleki akumbuyo n'kulandira mphamvu yambiri. Mukakweza galimoto osakweza pomangira kandodoko, valavu imaona ngati galimoto ilibe katundu ngakhale itadzaza matumba a chimanga, ndipo ntchito yonse imagwera mabuleki akutsogolo. Ganizirani zimenezo potsika makona a Golodi kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba. Mankhwala ake ndi kachitsulo ka mabowo awiri kotalika mofanana ndi kukwezako. Mapaipi a labala a mabuleki, timapaipi topumira ta difu ndi kutalika kwa mashoko zimayesedwa galimoto ili pa jeke, ekiselo italendewera mpaka pamapeto.

Hilux ya kuyambira 2005 ndi Prado ya kuyambira 1996 nkhani yake ndi ina, poti tayala lililonse lakutsogolo limayenda palokha ndipo difu ili pa chasisi. Pamenepo difu imakweradi, koma mtunda woti tayala litsikire m'dzenje umachepa, ndipo ma CV, majoini a mashafuti opita ku matayala, amagwira ntchito atapindika mpaka mabuti ake kuyamba kung'ambika.

Nambala yolembedwa pa bokosi la masipuling'i imawerengedwa kuchokera pa kutalika kwa galimoto yatsopano, ndiponso pa kulemera komwe wopanga anaganizira. Masipuling'i opangira galimoto ya bulu baa ndi winch mukawaika pa galimoto yopanda zimenezo, amaikweza kuposa zolembedwazo. Kumbali ina, Land Cruiser ya zaka 30 imakhala itafwafwala kale, ndipo nthawi zina "ikukhula pansi" ya kasitomala imatha ndi masipuling'i a kutalika kwa ku fakitale, osakhudza caster kapena shafuti. N'chifukwa chake tsopano ndisanagwire sipanala ndimayeza ndi tepi kuchokera pakati pa hub kufika pa mlomo wa madigadi, mbali zonse zinayi, n'kulemba manambalawo pambali pa caster ndi ngodya za majoini onse a propshaft.